Mphete Yokulunga Pulasitala

Joni, 12 Febuluwale 2005

Amake Sungeni,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wathu. Ine ndili bwino, kupatula mapazi amene anatupa m'basi ndipo adakandikumbutsabe ulendo. A Twaha, adalaivala a lole aja munawaona pa ukwati wa mng'ono wanu Jenifer, ndiwo azikufikitsirani makalata anga. Foni kuno ndi yodula, moni yekha amadya ndiwo za tsiku lonse.

Ntchito ndayamba. Chonde musamauze anthu ku tchalitchi kuti ndine pulofesa. Ndine wothandizira mu labu ya pa yunivesite. Ndimayatsa makina, kupukuta, kunyamula, ndi kulemba zimene ndauzidwa. Komabe kwa munthu amene wakhala akuphunzitsa sayansi ku Soche ndi maginito ogamula m'masipika a wailesi zakufa za pamsika wa Limbe, kuno n'kumwamba.

Munandifunsa pa Wenela kuti ntchito yake ndi yotani, ine n'kuyankha zozungulira. Tsopano ndaona ndekha. Pali kachidutswa kosafika ndi chikhadabo cha Sungeni, ka zinthu zimene amapangira zam'kati mwa wailesi ndi kompyuta. Anakathira kachitsulo kena pang'ono, ngati mchere mu ndiwo, ndiye kamasanduka maginito, koma pokhapokha kazizire koopsa, kuzizira koti Juni wa ku Soche n'kukhala chilimwe. Timakaika m'chibotolo chachitsulo chozizira, n'kukawomba ndi kuwala kwamphamvu kwa makina otchedwa leza. Kuwalako sikuyaka kosalekeza ngati tochi. Kumabwera mophethira, ndipo kuphethira kwake n'kwakufupi moti diso lanu silingayerekeze. Kukangomenya, mphamvu ya maginito ija imagwa nthawi yomweyo, kenako n'kumabwerera pang'onopang'ono. Pambuyo pake timatumiza kuwala kwina kofooka kokazonda kuti yagwa bwanji ndipo yadzuka liti. A Pulofesa, mwini labu, akuti tsiku lina makompyuta azidzasunga zinthu mwa njira imeneyi. Ine ndimangogwedeza mutu ngati ndamva zonse.

Chimene chandizunguza n'chakuti kuwalako sikuoneka ndi maso. Kumayenda pa tebulo lalikulu, kudumpha kuchoka pa kalilole wamng'ono kupita pa wina, ife osakuona. Kuti tidziwe pamene kuli timatchinga ndi kakhadi kamene kamayaka kukakagunda.

Za lonjezo la pa Wenela musade nkhawa. Sindinaiwale mmene munandigwirira chala pamaso pa anthu onse aja, n'kunena kuti amuna a ku Joni amayamba ndi kuvula mphete, pomaliza amavula banja. Ndinalonjeza kuti yanga sindidzavula. Mphete ili bwino, ndikuisamala.

Lata la kuchipinda kwa Sungeni musadikire kuti ndibwere. Uzani a Sidiki alimate mvula isanaononge siling'i. Mupereke moni kwa abwana anu a Nooruddin kusitolo, muwauze kuti jekete anandipatsa lija likugwira ntchito.

Ndine wanu,
Chester

Joni, 3 Epulo 2005

Amake Sungeni,

Moni nonse. Ndamva kuti Sungeni anadwala chifuwa, ndikhulupirira pano wachira. Ine ndili gwa.

Ndakutumizirani nsapato zake za kusukulu, shuga, ndi chithunzi. Nsapatozo ndagula zokulirapo, muikemo nsanza kutsogolo. Chithunzicho anatijambula mu labu tsiku limene makina anayamba kumvera. Wooneka ngati chule wovala magalasi aakuluyo ndi mwamuna wanu, musamukane. Magalasiwo ndi oteteza maso. Amene ali pakati ndi a Pulofesa. Mtsikana waima pafupi ndi ineyo ndi Fiza, wa ku Durban, amene akuphunzira digiri yake yomaliza. Kachidutswa kaja ndi kake, moyo wake wonse uli pamenepo. Amakaitana kuti mwana wanga, ndipo kakatentha pang'ono amaiwala kudya.

Ndimagwira naye tsiku lililonse. Iye amakhala pa kompyuta ndi pa kachitseko kotsegulira leza, ine ndimakhala pa akalilole, kupotoza tizomangira mpaka kuwala kutagwa pakati penipeni pa kachidutswako. Akuti ndili ndi manja odekha. Ndinamuuza kuti anadekhera pa choko.

Pakhomo pa labu anamatapo malamulo ambirimbiri. Ena ndi oseketsa, ena ayi. Ndidzakufotokozerani tsiku lina ndikadzapeza mawu ake.

Chithunzicho muike pa kabati, pafupi ndi cha ukwati.

Wanu,
Chester

Joni, 15 Meyi 2005

Amake Sungeni,

Kalata yanu ndalandira. Simunandipatse moni, koma ine ndikupatsani: moni, mkazi wanga.

Ndaiwerenga kangapo. Mwati munapita nacho chithunzi kusitolo, mukunyadira, kuonetsa a Nooruddin ndi atsikana odula nsalu. Mwati Jenifer ndiye anachiyandikitsa kumaso n'kufunsa kuti, "Kodi alamu mphete anagulitsa?" Mwati kenako wina anafunsa kuti nanga mwenye wokongolayo ndani. Ndikuona mmene munaimira kuseri kwa kauntala. Manyazi amene munamva tsiku limenelo ndinakuphikirani ndine.

Zoona zake ndi izi. Lamulo loyamba pakhomo paja likuti aliyense wolowa avule wotchi, mphete, ndi chilichonse chonyezimira. Kuwala kwa leza kukagunda chitsulo chosalala kumanjanja n'kupita kumene kwafuna, ndipo poti sikuoneka, munthu amadziwa kutalowa kale m'diso. Choncho kuyambira tsiku loyamba ndakhala ndikuvula mphete m'mawa, kuiika m'kabokosi ka pakhomo, n'kuivala poweruka. Ndinayenera kukuuzani m'kalata yoyamba ija. Ndinachita manyazi kuti lonjezo limene ndinapanga pamaso pa anthu silinathe ndi sabata yomwe, ndiye ndinalemba kuti mphete ili bwino. Sindinaname, koma sindinanenenso zoona. Ndikudziwa kuti tsopano chilichonse chimene ndinganene chikumveka ngati nkhani za amuna a ku Joni.

Mwati simunamvepo za kuwala kodana ndi mphete ya ukwati. Mwatinso bambo anu atapita ku migodi anali ndi zifukwa zomveka bwino kuposa zanga, ndipo mpaka lero mayi anu akudikira.

Fiza ali ndi chibwenzi chake ku Durban, ndipo kwa iye ine ndine mkono wachitatu basi. Koma sindikufuna kuti muzigona ndi mtima umenewo chifukwa cha kabokosi. Mwati ngati mphete ikhala m'bokosi, inunso mukasiya yanu kwa ankhoswe. Musapite kwa ankhoswe. Kuyambira mawa sichokanso pa chala, mu labu kapena kunja. Ndipeza njira.

Mwamuna wanu,
Chester

Joni, 26 Juni 2005

Amake Sungeni,

Moni wa m'nyengo yozizira. Kuno madzi akuuma m'ndowa panja. Zikomo chifukwa cha mtedza ndi kalata yokhala ndi moni. Ndinadya mtedzawo pang'onopang'ono ngati mankhwala.

Njira ija ndinaipeza, ndipo ndi yotchipa. Ndimakulunga chala ndi pulasitala, mphete n'kubisala mkati. Tsiku loyamba a Pulofesa anafunsa, ndinati ndadzicheka ndi mpeni podula anyezi. Anandiuza kuti ndizisamala, poti manja angawa ndi katundu wa labu. Tinaseka tonse. Ine ndinaseka kwambiri kuposa iwo.

Vuto n'lakuti bala la anyezi limayenera kupola. Sabata yatha Fiza anandiyang'ana chala n'kunena kuti, "A Chester, bala lanulo latenga nthawi. Mukayezetse shuga." Ndinati kwathu mabala amachedwa m'nyengo yozizira. Mawa lake anandibweretsera mankhwala opaka ochokera kwa mayi ake. Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Amake Sungeni, ine amene ndinkakwapula ana chifukwa chonama kuti buku aiwala kunyumba, lero ndikulandira mankhwala a bala loti palibe. Kabotoloko kali pawindo, ndikakaona ndimayang'ana kumbali.

Ndinaganizapo zowauza a Pulofesa. Ndinafika mpaka pakhomo pa ofesi yawo. Koma ndikanayamba bwanji? Kuti bwana, mkazi wanga sakhulupirira leza yanu? Kuti ine, mphunzitsi wa sayansi, ndalephera kufotokozera m'nyumba mwanga momwe za kunjanja kwa kuwala, phunziro la Fomu 2? Ndinagogoda, n'kufunsa za tsiku lobwera mpweya wozizitsira makina.

Ntchito ikuyenda. Tapeza kuti tikawonjezera mphamvu ya kuwala, maginito amagwa kwambiri ndipo amachedwa kudzuka. Fiza anavina pa kompyuta. Tsopano akufuna tiwonjezerenso, ndiye ndikuyenera kusuntha akalilole onse. Magalasi oteteza maso aja amadetsa, kakhadi sikaoneka bwino, nthawi zina munthu umachita kusuzumira pamwamba pake. Aliyense amatero ngakhale savomera.

Sungeni wapempha maginito. Muuzeni atsegule katoni yanga ya pansi pa bedi, atenge limodzi, koma asaliyandikitse pa makaseti anu a kwaya.

Wanu,
Chester

Joni, 14 Ogasiti 2005

Amake Sungeni,

Moni. Pepani kuti mwezi watha a Twaha anabwera chimanjamanja. Pepaninso malemba aakuluwa, cholembera chake n'chachilendo.

Kalata yanu ya pa 20 Julaye yandipeza dzana. Mwati Yasir, mwana wa a Nooruddin amene akuphunzira za makina kunja, anabwera kutchuthi, ndipo munalimba mtima n'kumuonetsa chithunzi. Mwati anaseka n'kunena kuti n'zoona, kulikonse kumene kuli leza anthu amavula mphete, ndipo wosavula ndi wopusa. Mwati usiku wake simunagone. Mwandipepesa. Mwati ndizivula ndikamalowa, lonjezo mwalimasula ndi mtima wonse.

Zikomo, mkazi wanga. Kalata imeneyi ndaiika m'thumba la malaya. Musapepesenso.

Panopa ndili pa tchuthi pang'ono, labu anayamba aitseka. Ndimakhala m'chipinda masana, makatani otseka, poti dzuwa la kuno likuthobwa. Zotumiza mwezi uno zachepa, mundimvetse. Mukakumana ndi a hedi a ku sekondale mungowafunsa mocheza ngati malo anga a sayansi anapeza munthu. Mocheza chabe.

Chester

Joni, 25 Seputembala 2005

Amake Sungeni,

Ndikhulupirira inu ndi mwana muli bwino. Za ine mwamva kale theka. A Twaha anandipeza ndikuthira tiyi pambali pa kapu, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndimanyamula makalata, sindinyamula mabodza. Mukapanda kulemba, ndikanena ndekha." Ndiye ndikulemba.

Zinachitika pa 8 Julaye, kalata yanu yondimasula isanalembedwe n'komwe. Ndatchula tsikuli dala kuti musayambe kuwerengetsa kuti mukanalemba msanga. Zinali zitatha kale.

M'mawa umenewo ndinatsuka zida pa sinki, pulasitala n'kunyowa. Ndinaona kuti yayamba kumatuka koma ina ndinalibe, ndinangoikanikiza. Tinalowa. Fiza anafunsa monga mwa lamulo, "Magalasi, a Chester?" Ndinati ndavala, atsegule. Anatsegula. Kakhadi sikankaoneka bwino, ndiye ndinatsitsa magalasi pamphuno, n'kutambasula dzanja kukapotoza kalilole wa pakati. Pulasitala inatsetsereka. Sindinamve kuwawa. Ndinangomva ka thu mkati mwa diso lamanja, ngati kambewu kathudzuka, kenako pakati pa chilichonse chimene ndinayang'ana panabwera banga lotuwa.

Chinthu choyamba chimene ndinachita, amake Sungeni, sichinali kufuula. Ndinabisa dzanja m'thumba.

Adokotala a maso anati papsa pamalo pamene diso limaonera zinthu zazing'ono, malemba ndi nkhope za anthu. Anati sipamera. Lamanzere lili bwino.

Akuluakulu a zachitetezo anatseka labu n'kuyamba kufunsa. Anayeza akalilole onse, sanapeze wolozera kumene ndinaima. Anandifunsa, ndinati sindikukumbukira. Ndiye anatembenukira kwa Fiza, poti ndiye anali pa kachitseko. Anati mwina anatsegula osachenjeza, mwina anawonjezera mphamvu osanena. Anamuletsa kulowa mu labu mpaka nkhani itatha, pamene digiri yake inatsala pang'ono. Kachidutswa kake kaja anakatulutsa m'chibotolo n'kukatsekera m'kabati.

Ine ndinali chete. Masabata anapita ndili chete. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza inu, kuti mphete yathu isalembedwe m'mapepala a azungu, kuti musadzamve kuti kalata yanu ndiyo inandibaya diso. Mwina pang'ono zinali choncho. Koma chachikulu ndinkaopa kusekedwa.

Ndiye Fiza anabwera kudzandiona kuchipinda kwanga, atanyamula chakudya. Anakhala pa mpando umodzi umene ndili nawo, n'kuyamba kulira. Anati, "A Chester, ndikhululukireni. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, sindikupeza chimene ndinalakwitsa, koma ndiyenera kuti ndinalakwitsa." Kabotolo ka mankhwala a mayi ake kanali pawindo kumbuyo kwake. Sindinadye chakudyacho.

Lolemba lotsatira ndinapita ku msonkhano wa akuluakulu aja. Sindinakonze mawu. Ndinangoika dzanja pa tebulo, lopanda pulasitala, n'kunena kuti bala la anyezi ndi ili. Ndinafotokoza zonse, za Wenela, za chithunzi, za magalasi pamphuno. Dzina lanu sindinatchule. Palibe anaseka. Bwenzi zili bwino akanaseka.

A Pulofesa anavula magalasi awo, n'kupukuta kumaso. Kenako anamasula batani la malaya n'kutulutsa kachingwe kamene kanali m'khosi mwawo, mkati mwa zovala. Kumapeto kwake kunali mphete. Anati, "Chester, mkazi wanga naye anandilumbiritsa zomwezo tisanakwatirane. Yanga imakhala apa, pamtima, tsiku lililonse ndikalowa m'menemo. Ukanangondifunsa."

Kachingwe, amake Sungeni. Konga kamene mumamangira makiyi a kusitolo. Ndinafika pakhomo pawo tsiku lija n'kufunsa za mpweya.

Fiza anatuluka m'chipindamo osandiyang'ana. Sindikumudandaula.

Mwamuna wanu,
Chester

Joni, 23 Okutobala 2005

Amake Sungeni,

Moni kwa inu ndi Sungeni. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaona pamene inki inasungunuka. Munalemba mobwereza kuti ndinu munachititsa. Ayi. Inu munapempha mwamuna wokhulupirika, ndipo munali ndi chifukwa. Wokulunga pulasitala ndinali ine, wotsitsa magalasi ine, wobisa dzanja m'thumba inenso. Mukafuna kundithandiza, musandilande zimenezi.

Labu anaitsegula. Fiza wabwerera pa kachidutswa kake, ndamva kuti kanazizira bwinobwino ndipo maginito ake akugwa n'kudzuka monga kale. Ine sandilolanso kulowamo, ndipo n'zoyenera. A Pulofesa anandilembera kalata yabwino kuposa mmene ndikuyenerera. Dzulo ndinapita kukatsanzika. Fiza anatuluka mpaka pakhomo, magalasi ali pamphumi. Tinaima. Anati, "Muyende bwino, a Chester. Mukapereke moni kwa mayi." Ndinafuna kunena zambiri koma ndinangoti zikomo. Lamulo la mphete lija alilembanso ndi zilembo zazikulu, ndipo pansi pa kabokosi akolekapo tizingwe.

Zikomo pofunsa a hedi. Ngati akuti Januwale, ndidikira Januwale. Pa bolodi ndilemba, diso limodzi likwana. Ana akadzafika pa phunziro la kunjanja kwa kuwala, chitsanzo ndili nacho, sindidzafunanso kalilole wa m'bafa. Kwa anthu a ku tchalitchi ndi kusitolo musavutike kupeka nkhani. Akafunsa, ndiyankha ndekha. Jenifer muuzeni asaope kubwera kunyumba, iye anangoona zimene zinali pa chithunzi.

Sungeni mumukonzekeretse. Diso silikuoneka lachilendo, ndi loyera ngati kale, kungoti nthawi zina ndimaphonya kapu. Akaseka musamukalipire.

Ndinyamuka Lachinayi pa basi, tifika pa Wenela Loweruka ngati pa boda satichedwetsa. Katundu ndi wochepa, musabwereke galimoto.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinakuuzeni. M'mawa uliwonse ndimatenga chithunzi chanu chija cha pa khonde, n'kutseka diso lamanzere kuti ndione ngati lamanja lasintha. Limaona chitenje chanu chachikasu, manja anu, maluwa a kumbuyo, ngakhale ndowa imene munaiwala kuchotsa. Nkhope yokha ndiye palibe. Ndikatsegula linalo mumabwerera.

Pa Wenela pamakhala anthu ambiri, ndipo m'chigulu ndimasokonezeka. Muvale chitenje chomwecho. Mukandiona ndikuyang'anayang'ana, musaganize kuti ndakuiwalani, ndipo musayambe ndi kupepesa. Mungobwera kumanzere kwanga n'kundigwira dzanja. Mphete mudzaipeza pomwe munaisiya.

Sellina wanga, ndine wanu,
Chester